Mimba Yopanda Mwana

Pakomboni ya famu ya fodya ija, kufupi ndi Trelawney, nyumba zinamangidwa mothithikana moti ukayetsemula kwako, wokufunsa za chimfine amachokera nyumba yachitatu. Khitchini ya Mayi Margarida ndi ya Che Yusufu zinkasiyanitsidwa ndi kampanda ka udzu kolekeza m'chiuno. Che Yusufu anafedwa mkazi kalekale, ndipo wowaphikira anali mwana wawo mmodzi yekhayo, Ruksana.

Tsono pali mwambo umene makolo anabwera nawo, a ku Tete ndi a ku Malawi omwe, umene sukulu, tchalitchi ndi mzikiti zinalephera kuuthetsa. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudwalitsa odya. Poti m'nyumba mwa Che Yusufu munalibe mkazi wina, mwezi uliwonse Ruksana ankaima pakampanda paja ndi mphika wake n'kuitana chapansipansi, “Mhamha, tandithirirani.” Mayi Margarida ankatapa mchere n'kuthira, osafunsa kanthu. Anayamba kumukonda mtsikanayo pakampanda pomwepo, mwana wawo Kalino asanatsegule n'komwe maso.

Kalino atawatsegula masowo, ntchito inakula. Iye anali Mkatolika, Ruksana Msilamu, ndipo Che Yusufu anakana chaka chathunthu. Anadzalola atalonjezedwa kuti mwana wawo sadzasiya kuswali. Ukwati anauika pambuyo pogulitsa fodya, ndipo awiriwo anapangana kuti adikirana mpaka tsikulo. Mvula isanagwe Kalino anapita ku Selous kukayendetsa thirakitala, kuti akapeze zokonzera banja.

Anabwerako mu Epulo, chikwama chodzaza ndi nsalu za mkwatibwi. Ruksana anamulandira pamsewu, koma Kalino anachita kumuyang'ana kawiri. Nkhope inali itadzaza n'kukhala yozungulira, mimba itatsogola, kuseri kwa khosi kutamera kalinunda, pomwe manja ndi miyendo zinali zitaonda.

“Iwe, ukudya chiyani ine kulibe?” anamuseka motero.

Ruksana sanaseke nawo. Anangokoka mpango wake n'kubisa chibwano.

*

“Khala pansi, mwananga,” anatero Mayi Margarida atatseka chitseko. “Mtsikana uja wamuona?”

“Ndamuona, Mhamha. Wanenepa.”

“Kunenepa! Amuna inu maso muli nawo a ntchito yanji? Chipitire iwe, Ruksana wabwera pampanda kawiri kokha. Kuyambira Khirisimasi mpaka lero mchere akuthira yekha. Akuphika tsiku ndi tsiku, ine ndili pompano, osandiitana olo kamodzi. Ukundimva?”

Kalino anamva, koma mtima unakana. “Mwina akutuma wina.”

“Wina wake uti? Ndipo ndamuona kubafa. Pamimba pali mizere yofiirira, yotakata ngati chala changachi. Ine ndabereka ana asanu ndi awiri, mizere imeneyo ndimaidziwa. Manje ndiuze zoona. Ngati ndi yako, tikagwade kwa Che Yusufu lero lomwe, ukwati tiufulumize.”

Mayiwo ankayembekeza kuti mwana wawo aweramitsa mutu mwamanyazi, iwo amukalipire pang'ono, kenako ayambe kuluka tizipewa ta mdzukulu. Koma Kalino anapukusa mutu. Pa Khirisimasi iye anali ku Selous, ndipo chidziwireni Ruksana sanamugwirepo kupitirira dzanja.

“Maiwe!” anatero mayiwo atagwira pakamwa. Misozi inawatsika, chifukwa mtsikanayo ankamukondadi.

*

Kalino ndi Ruksana anakumana kuseri kwa mabani owotchera fodya, malo awo a masiku onse. Kalino sanapereke ndi moni yemwe.

“Mwini wake ndani?”

“Mwini wa chiyani?”

“Usandiyese mwana, Ruksana. Komboni yonse ikuona.”

Ruksana anatsamira khoma, poti masiku amenewo kuima nthawi yaitali kunkamutopetsa. “Kali, ine sindikudziwa chimene chikundichitikira. Kumwezi ndinasiya kupita, ndi zoona. Thupi likungotupa, ndikadzigunda pang'ono pakuda, usiku tulo sindikuliona. Ndimadikira iweyo kuti ubwere tipitire limodzi kukiliniki. Wallahi, palibe mwamuna wandikhudza.”

“Usalumbire! Ndi Faizal, eti?”

Faizal anali msuweni wa Ruksana, woyendetsa kombi, minibasi ya ku Harare. Monga achitira asuweni, akamuona ankakuwa, “Mkazi wanga, wandiphikira chiyani?” anthu n'kuseka, Kalino n'kuseka nawo. Lero nthabwala ija inamubwerera itamera mano.

“Faizal ali ngati mlongo wanga. Tiye kukiliniki mawa, akandiyeze iwe uli pomwepo.”

“Ndikachite manyazi pamaso pa manesi? Amayi anga abereka kasanu n'kawiri, safuna makina kuti adziwe mimba.”

“Ndiye wakhulupirira mchere kuposa ine?”

Funso limenelo likanamuimitsa munthu wofatsa, koma Kalino tsiku limenelo sanali wofatsa. Anatulutsa foni, n'kutseka nambala ya Ruksana mwini wake akuona. M'mawa mwake anatuma malume ake kukauza Che Yusufu kuti za ukwati zija zatha, ndipo malumewo sanabise chifukwa. Che Yusufu akuti anamvetsera mpaka kumapeto, n'kungoti, “Mwanena. Mulungu wamva.” Madzulo a tsiku lomwelo anadula mitengo n'kukweza kampanda kaja mpaka kupitirira mutu wa munthu.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kalino anafunsa ndithu, koma yankho anali atabwera nalo kale m'thumba.

*

Mwamuna wosweka mtima sasowa womusoka. Pretty, mtsikana wa mzere wakumtunda amene ankamuponyera Kalino maso kuyambira ali kusukulu, sanadikire kuti fumbi likhazikike. Sabata isanathe meseji inalowa.

“Wadya here, Kali? Munthu wabwino ngati iwe sayenera kugona ndi njala chifukwa cha anthu osayamika.”

Kalino sanayankhe. Mawa lake inabwera ina: “Ndaphika muriwo wothira dovi, ndiwo zamasamba zotendera zija. Ndikubweretsere?” Imeneyo anaiyankha.

Pretty anali wosangalatsa kucheza naye, tisamunamizire. Ankadziwa kuseketsa munthu, ankadziwanso pomwe pali bala, ndipo ankapakanda pang'onopang'ono kuti lisapole. “Aja ofunda mipango aja ndiye oopsa,” ankatero. “Ife oseka pamsewu mumatinena, koma onani.” Kalino akamva zimenezo mtima unkamuwawa, koma kuwawako kunkamukomera, chifukwa kunkamuuza kuti iye ndiye wolakwiridwa.

M'nyengo yozizira ija anayamba kupita naye kokacheza ku Darwendale Loweruka lililonse. Ankadutsa dala pakhomo pa Che Yusufu atagwirana manja. Za kudikirana mpaka ukwati, ndi Pretty sizinakambidwe n'komwe. Kalino ankadziuza kuti anadikirapo kale ndipo anaona malipiro ake.

*

Chisanu chinatha, kunja kunatentha, mitengo ya jakaranda inachita maluwa n'kuyoyoka. Amayi a pakomboni, amene sasowa kalendala pa nkhani zotere, anayamba kuwerenga zala. Miyezi ya mimba inakwana, inapitirira, koma kwa Che Yusufu sikunamveke kulira kwa khanda. Mimba ya Ruksana inali pomwe inali, osakwera, osatsika. Chimene chinkakula chinali nkhope, ndipo m'masaya munayamba kumera timaubweya.

Mayi Margarida anasiya kuikamba nkhaniyo. Kalino ankawapeza atakhala m'khitchini akuyang'ana mpanda uja, ndiwo zikupserera.

“Yamangidwa imeneyo,” anatero Pretty tsiku lina. “Hanti mukudziwa, mkazi akakana kutchula mwamuna wake mwana satuluka? Ndipo lero ndamuona ndi chigubu. Tsiku lonse akapita kuchimbudzi akupita nacho, atachikulunga m'nsalu. Za kwa sing'anga zimenezo, shamwari.”

M'mawa wa tsiku lomwelo Kalino anali ataona chinthu chimene chinamukhala pamtima. Ruksana anali atakhala pa kampando pampopi, ndipo pofuna kuimirira miyendo inamukanika. Anayesa kawiri, kachitatu anachita kugwira mpopi ndi manja onse. Amayi amene anali pamzere anangoyang'ana kumbali. Ameneyu anali mtsikana amene kale ankasenza ndowa ziwiri akuimba.

Mkwiyo unamubwerera Kalino, koma ulendo uno unalunjika kwa Faizal. Munthu wotani wowononga mtsikana n'kumusiya akuvutika chonchi, iye ali pa chiwongolero kuimba malikhweru? Anadziuza kuti akungofuna chilungamo. Kuti mtsikanayo ankamukondabe, zimenezo sanafune kuzivomera.

*

M'mawa mwake anakamudikira Faizal pamsewu waukulu. Kombi itangoima, Kalino analowetsa dzanja pawindo n'kumugwira Faizal pakolala.

“Iwe, mimba yako uilera liti?”

Okwera anakuwa. Faizal, amene anali ndi thupi loti akanatha kumupinda Kalino pawiri, anangochotsa dzanjalo pang'onopang'ono n'kumuyang'ana ngati akuyang'ana munthu wodwala.

“Mukoma, mwatenga nthawi kuti mufunse. Mukufuna kumuona mwanayo? Kwerani. Lero simulipira.”

Pamenepo ndi pomwe Kalino anaona kuti pampando wakutsogolo, kuseri kwa Faizal, panali Ruksana, chigubu chokulunga m'nsalu chili pamiyendo. Sanamuyang'ane. Anangoti kwa msuweni wake, “Asiye akwere. Ndatopa.”

Kalino anakwera. Njira yonse ya ku Harare anakhala kumbuyo pakati pa matumba a tomato, akuyang'ana mpango wa Ruksana, mantha akumulowa pang'onopang'ono. Munthu wolakwa sakuitana kuti ukaone umboni.

*

Kuchipatala chachikulu Faizal anawatsitsa pageti n'kubwerera ku ntchito yake. Ruksana anayamba wakapereka chigubu chija pa kawindo ka kopimira, ndipo wolandirayo anamufunsa ngati sanataye ndi pang'ono pomwe.

“Kuyambira dzulo m'mawa mpaka lero m'mawa, wonse uli momwemo,” anayankha.

Kalino anazindikira kuti mankhwala a kwa sing'anga aja anali mkodzo. Anakhala pabenchi mpaka dzuwa kufika pamutu, pakati pawo patakhala gogo wina wa ndodo. Dzina la Ruksana litaitanidwa, iye anaimirira movutika n'kunena osatembenuka, “Lowani, a Kalino. Mumve ndi makutu anu.”

Dokotala anali mayi wa magalasi, wolankhula Chishona chosakaniza ndi Chingerezi. Anamuyang'ana Kalino n'kufunsa, “Awa ndi amuna anu?”

“Ayi. Ndi oyandikana nawo nyumba. Koma lankhulani ali pompo, ndalola.”

Mawu amenewo anamulasa Kalino kuposa mbama, koma zinali zoona, ndipo anazipanga yekha.

“Chabwino,” anatero dokotala. “Ruksana, zotsatira zija zabwera. Ndiyambire poyamba kuti awanso amve. M'thupi mwa munthu aliyense muli chinthu chotchedwa kotizolo, chopangidwa ndi tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso. Ndi wofunika, koma pa mlingo wake. Akachuluka kwa nthawi yaitali, nkhope imazungulira, mafuta amadzaza pamimba ndi kuseri kwa khosi, miyendo imafooka, khungu limang'ambika mizere, shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimakwera. Kwa akazi, kumwezi kumasiya.”

Kalino analowerera. “Ndiye kuti... mwana?”

“Mwana wanji?” Dokotala anayang'ana Ruksana, kenako Kalino, ndipo nkhope yake inasintha ngati wamva nkhani yonse popanda womuuza. “Bambo, munthu uyu anayezedwa mimba kukiliniki kwanu mu Epulo, anayezedwanso ku Chinhoyi, ife tinamuunikanso ndi makina. Alibe mimba, ndipo sanakhalepo nayo. Akudwala.”

M'chipindamo munali mozizira, koma Kalino thukuta linali kamukamu.

Dokotala anabwerera kwa wodwala wake. “Kapiritsi kaja tinakupatsa kuti umwe pogona kamauza thupi kuti liyambe laleka kupanga kotizolo. Munthu wabwinobwino tikamutenga magazi m'mawa mwake timapeza atatsika. Wako sanatsike. Mkodzo wa tsiku lathunthu woyamba uja unatulukanso wokwera kwambiri. Wa lerowu ndi wongotsimikizira, chifukwa matenda awa sitigamula ndi kuyeza kumodzi. Tsono funso ndi lakuti vuto likuchokera kuti. Magazi ena aja akuloza kumutu.”

“Kumutu?” anafunsa Ruksana.

“Pansi pa ubongo, kuseri kwa mphuno, pali kachiwalo kakang'ono ngati nsawawa, dzina lake pitwitale. Ndiko kamalamula tija ta pa impso. Tikuganiza kuti pamenepo pamera kachotupa kamene kakulamula mopitirira muyeso. Usachite mantha kwambiri, kawirikawiri totupa totere si khansa, ndipo timachotsedwa. Lachinayi ubwere tidzakujambule mkati mwa mutu. Udzagona m'makina aphokoso kwa kanthawi, osagwedezeka. Nthawi zina kachotupako kamachepa moti makina sakaona, ndiye pamakhala kuyeza kwina. Ubwere ndi munthu wokuperekeza.”

Ruksana anapotokola nsonga ya mpango. “Adokotala, ndikachira, ndidzabereka?”

“Ambiri akachira zonse zimabwerera m'malo mwake, n'kubereka ndithu. Sindingakulonjeze, koma chiyembekezo chilipo. Chachikulu n'chakuti tisachedwenso. Matendawa akhala nawe nthawi yaitali.”

Liwu loti “tisachedwenso” Kalino analitenga ngati lake. Ruksana anali atamudikira miyezi yonse ya ku Selous kuti apitire limodzi kukiliniki.

*

Anatsika kombi dzuwa litapendeka. Kuchokera pamsewu waukulu kukafika kukomboni pali kamtunda, njira yodutsa pakati pa minda ya fodya wongowokedwa kumene. Kalino anatenga chikwama cha Ruksana, ndipo iye sanamukanize, mwina chifukwa cha kutopa chabe. Anayenda pang'onopang'ono, monga miyendo ya wodwalayo inkalolera.

“Ruksana, bwanji sunandiuze?”

Ruksana anaseka kuseka kopanda chimwemwe. “Ndinakutumizirani meseji tsiku lomwe anandiyeza kukiliniki. Munali mutanditsekera. Ndinauza amayi a pampopi, iwo akuti manesi ndawanyengerera. Ndinafuna kubwera kwa Mhamha, abambo anandiletsa. Anati munthu amene wakuweruza asanakufunse, ukamufotokozera umangomupatsa nkhani ina.”

“Ndinalakwa.”

“Mukudziwa chimene anayamba kundifunsa adokotala aja? Anati kodi ndimadzola mafuta oyeretsa khungu, kapena ndimamwa mapiritsi aja okulitsa mbina, poti akuti nazonso zimabweretsa matenda omwewa. Ndinati ayi. Analemba kuti ayi. Basi. Munthu wosandidziwa, a Kalino, anandifunsa kamodzi n'kundikhulupirira. Inu ndinakulumbirirani m'dzina la Mulungu.”

Kalino anaima, n'kugwada pafumbi pomwepo, chikwama chili m'manja. Sanasamale za anthu amene ankaweruka m'munda.

“Ndilibe choti ndinene. Ndakuipitsira dzina, ndakusiya ukudwala wekha. Nditukwane, ndimenye, koma usanditchule woyandikana naye nyumba. Ndikagwada kwa Che Yusufu, ndikaima pampopi ndiuze komboni yonse kuti wabodza ndine.”

“Dzukani, mukundichititsa manyazi.” Misozi inali itayamba kutsika m'masaya otupa aja. “Mukuona mmene ndikuonekeramu? Pagalasi ndinasiya kudziyang'ana. Chimene chinkandiliza si nkhopeyi ayi. Ndinkati Kali akanakhalapo akanandiseka, n'kundiuza kuti ndine yemwe uja.”

“Ndiwe yemwe uja.”

“Nanga Pretty?”

“Za Pretty zitha lero. Sindinamukondepo, ndinkangofuna kukupweteka.”

“Munakwanitsa,” anatero Ruksana.

Anayendanso mpaka pa mitengo ya bulugamu ya polowera kukomboni. Pamenepo Ruksana anapukuta m'maso n'kupuma mozama.

“Makina a Lachinayi aja ndikuwaopa. Akuti umalowa mutu wonse ngati m'bokosi. Abambo sangathe ulendo wa ku Harare, ndipo Faizal amangonditula pageti. Sindikuti ndakukhululukira, Kali, usandimve molakwa. Koma ngati ukufuna, udzandiperekeze. Zinazo tidzaona tikatuluka.”

Anali atamutchulanso Kali. Mtima wa mnyamatayo unadumpha ngati mwana wa mbuzi, ndipo anayamba kale kukonza m'mutu mawu okanena kwa Che Yusufu. Anaiwala kuti mapanga awiri avumbwitsa.

*

Atangokhota pa mzere wa nyumba zawo anaona chikhamu cha anthu pakhomo pa Mayi Margarida. Kalino anayamba waganiza za maliro, koma panalibe wolira. Anthu atawaona awiriwo akubwera limodzi, phokoso lonse linazima.

Pakati pa bwalo, pamphasa, panakhala munthu atafunditsidwa nsalu yoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Pambali pake panali sutikesi, ndi mayi wina wojintcha atakhala motambalala. Kalino anamuzindikira. Anali Tete Plaxedes, azakhali ake a Pretty. Anazindikiranso mwambowo, poti anakulira pakati pa Mashona: mtsikana akapatsidwa mimba, azakhali ake amamuperekeza kwa mwamunayo n'kumutula pakhomo, ndipo sabwerera.

Mayi Margarida anali ataima pakhomo la khitchini, manja ali m'mutu. Che Yusufu anali pakhonde pawo, tasibihi, mikanda yopempherera, ili m'manja, akuona zonse.

“Mwafika, mukwasha,” anatero Tete Plaxedes akumutchula kale mkamwini, mokweza, kuti ndi a mzere wakumtunda omwe amve. “Takudikirani kuyambira masana. Tabwera ndi munthu wanu. Ali ndi miyezi itatu, ndipo kukiliniki atsimikiza, si zongoganizira ayi. Manje tiuzeni pamaso pa anthu onsewa, tisachedwe. Munthu uyu mukumudziwa?”

Nsalu ija inagwedezeka pang'ono, ndipo pansi pake panamveka kufwenthera. Pretty amene ankaseka aliyense uja ankalira, ndipo kulira kwake kunali kwa mantha enieni.

Kalino anayang'ana amayi ake, anayang'ana nsalu ija, kenako anayang'ana Ruksana. Akanatha kukana. Anyamata ambiri amakana, nkhani n'kupita kwa akuluakulu, n'kutha miyezi ikukambidwa. Koma tsiku limenelo anali ataona ndi maso ake chimene chimachitikira mkazi akakanidwa pagulu, ndipo Ruksana ankamuyang'ana ngati akudikira kuti aone ngati waphunzirapo kanthu. Akakana, anali munthu yemwe uja wa kuseri kwa mabani. Akavomera, Ruksana wapita.

“Ndikumudziwa,” anatero, mawu ali pansi.

“Sitinamve, mukwasha.”

“Ndati ndikumudziwa!”

Ruksana anagwedeza mutu pang'ono, ngati munthu amene wamva yankho loyenera. Kenako anatambasula dzanja n'kutenga chikwama chake m'manja mwa Kalino. Anachita kumasula zala zake chimodzichimodzi, chifukwa iye sankafuna kuchisiya.

“Mwayankha bwino, a Kalino,” anatero motsitsa, moti anamva ndi iye yekha. “Uyo musamuchite zimene munandichita ine. Lachinayi musavutike, ndikalowa ndekha.”

Anayenda kupita kwawo pang'onopang'ono, anthu akumupatukira. Pa sitepe ya pakhonde mwendo unamukanika, ndipo Kalino anaponya phazi kuti akamugwire, koma Che Yusufu anali atafika kale. Mkuluyo anamukweza mwana wake, n'kulowa naye m'nyumba, n'kutseka chitseko.

Pabwalo paja mayi wina anayambitsa nthungululu, poti mwambo umafuna kuti mkamwana alandiridwe, ndipo ena anamutsatira mmodzimmodzi. Tete Plaxedes anamukodola Kalino kuti abwere adzavundukule nsalu ya mkazi wake.